Makina a mchere akaleka kupanga klorini: zoyamba kuona musanagule selo yatsopano

Kabuku aka talembera mabanja a ku Airport, m'tauni ya Livingstone, amene ali ndi dziwe losambira kuseri kwa nyumba ndipo klorini wawo amachokera m'makina a mchere. Talemberanso bambo kapena mayi amene amasesa dziwelo m'mawa uliwonse, chifukwa madzi akabiriwira chala chimayamba kuloza iwowo, kenako abwana amaimba foni kufunsa mtengo wa selo yatsopano. Nthawi zambiri wantchitoyo ndi seloyo onse amakhala osalakwa. Vuto limakhala pa maola a magetsi, pa kayendedwe ka madzi, kapena pa madzi enieniwo, ndipo izi mukhoza kuzifufuza nokha musanatulutse ndalama.

Zimene zili m'kanyumba ka pampu

Makinawa ali pawiri. Pakhoma pali bokosi limene limalandira magetsi a mavoti 230 n'kuwatsitsa mphamvu. Pa paipi yobwezera madzi m'dziwe, madzi atadutsa kale mu fyuluta, pali selo. M'kati mwa selo muli timapuleti ta chitsulo cha titanium tokutidwa ndi zitsulo zina zodula monga ruthenium ndi iridium, ndipo mtengo wa selo umakwera chifukwa cha chokutiracho. Madzi a mchere akamadutsa pakati pa timapuleti, magetsi amaphwanya mcherewo n'kutulutsa klorini. Kloriniyo akamaliza kupha majeremusi ndi ndere amabwerera kukhala mchere.

Mfundo yomalizayi muigwiritse, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Makinawa samaliza mchere, dzuwanso siliumaliza. Mchere umachoka m'dziwe pokhapokha madzi atachoka ali madzi: potsuka fyuluta, ana akamadumphira, mvula ikadzaza dziwe mpaka kusefukira, kapena pakakhala podontha.

Yezani musanagwire chilichonse

Pakhomo pamene pali dziwe payenera kukhala choyezera madzi, chamadontho kapena cha timapepala toviika, ndipo chizikhala m'manja mwa amene amasamala dziwelo, osati m'kabati ya abwana. Chamadontho chimanena zoona kuposa timapepala. Zonse ziwiri zimaonongeka zikakhala pamalo otentha, choncho musazisiye pawindo la kanyumba ka pampu.

Madzi oyeza muziwatunga kutali ndi pamene paipi imalavulira, mutamiza mkono mpaka m'chigongono. Klorini akhale pakati pa 1 ndi 3 ppm, ndipo pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6. Muyezo wa ppm usakuopseni: 1 ppm ndi gilamu imodzi m'malita 1,000 a madzi.

Mukapeza kuti klorini mulibe, pali mafunso awiri osiyana. Kodi makina sakupanga? Kapena akupanga koma chinachake chikumudya? Yatsani pampu, kwezani makina afike pa 100, ndipo yang'anani m'selo ngati ndi yoonekera m'kati. Selo yamoyo imatulutsa tithovu ting'onoting'ono toyera, madzi n'kuoneka ngati achita chifunga potuluka. Kenako tungani madzi pakamwa penipeni pa paipi yolavulira, muwayeze, muyerekeze ndi a tsidya lina la dziwe. A pa paipi akakhala ndi klorini wochuluka, selo ikugwira ntchito ndipo wolakwa mumufune kwina.

Pali kuyeza kwina kumene kumafuna usiku umodzi wokha. Dzuwa litalowa thirani klorini waufa mpaka afike pa 3 kapena 4 ppm, siyani pampu isakanize, zimitsani makina a mchere, yezani ndi kulemba. M'mamawa dzuwa lisanafike pamadzi yezaninso. Usiku kulibe dzuwa lowononga klorini, ndiye akatsika ndi kupitirira 1 ppm, dziwani kuti m'madzimo muli ndere kapena zonyansa zina zimene zikumudya, ngakhale madziwo akuoneka oyera.

Maola a magetsi

Apa ndi pamene maiwe ambiri a mu Livingstone amagwera. Selo ilibe nkhokwe. Imapanga klorini pa nthawi yokhayo imene magetsi alipo ndipo pampu ikuyenda. Pa bokosi kapena m'buku la makina mwalembedwa magilamu amene selo imapanga pa ola. Tiyerekeze kuti yanu imapanga magilamu 25, ndipo dziwe lanu ndi la mamita 8 m'litali, mamita 4 m'lifupi, kuya kwake kwapakatikati mita ndi theka. Mukachulukitsa 8 ndi 4 ndi 1.5 mupeza 48, kutanthauza malita 48,000. Makina akayenda maola 8 apanga magilamu 200, omwe m'dziwe limeneli ndi pafupifupi 4 ppm. Akayenda maola atatu okha apanga magilamu 75, omwe ndi 1.5 ppm basi. Dziwe lapanja m'nyengo yotentha limadya 2 ppm kapena 3 patsiku, mwinanso kuposa apo ngati osambira achuluka. Maola atatu sangakwane, ngakhale selo itakhala yongochotsa kumene m'katoni.

Ambiri tinaziona mu 2024. Mvula itakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kugawa magetsi, ndipo pofika Seputembala makomo ambiri m'dziko muno ankaona magetsi maola ochepa kwambiri patsiku. Nthawi imeneyo inagundana ndi kuyamba kwa dzuwa, ndipo mu Okutobala kuno kutentha kumadutsa madigiri 35. Madzi ofunda ndere imawakonda. Makina a mchere sanapangidwire moyo wotere, ndipo kubiriwira kwa madzi pa nthawi ngati imeneyo si umboni woti afa.

Chachiwiri ndi timer. Ambiri tili ndi ija yozungulira ya timano, imene imayenda ndi magetsi omwewo. Magetsi akazima maola asanu, nayonso imaima maola asanu, ndipo akabwera imapitiriza pamene inaimira. Pakutha pa sabata, timer imene munaiuza kuti iziyatsa pampu 8 koloko m'mawa imakhala ikuyatsa pakati pa usiku, kapena nthawi yake yoyatsa ikugwera pamene magetsi kulibe. Musanaganize china chilichonse, yang'anani nthawi imene timer ikuloza ndipo muiyerekeze ndi ya pa foni yanu. Mankhwala ake ndi timer yokhala ndi batire m'kati. Ngati kugawa magetsi kwafika poipa, ichotseni pa ntchito, muike makina poti aziyaka nthawi iliyonse magetsi abwera.

M'nyengo yotentha pampu iziyenda maola 8 mpaka 12 patsiku, m'nyengo yozizira 4 mpaka 6 amakwana. Maola akapanda kukwana, chotsalacho mulipire ndi dzanja. Klorini waufa, monga HTH, amakweza 1 ppm mukathira magilamu 15 pa malita 10,000 alionse, ndiye dziwe lathu lija likufuna magilamu pafupifupi 75 pa 1 ppm. Musungunuleni kaye m'ndowa ya madzi, thirani madzulo mozungulira dziwe. Pakhomo pa makina a mchere pasamasowe chigubu cha klorini waufa. Kukhala nacho si manyazi.

Ngati munaika pampu yoyendera dzuwa kapena mumayatsa jenereta, funsani wa magetsi aone kuti selo singayake pampu itaima. Jenereta yaing'ono imene mphamvu zake zimakwera n'kutsika imathanso kusokoneza bokosi.

Bokosi likakhala kuti silikuyaka n'komwe, onani switch yake pa bolodi ya magetsi, pulagi, ndi fyuzi ngati ili poonekera kunja. Magetsi akamabwera atazima nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo ziphaliwali za Novembala mpaka Malichi zimapsereza mabokosi. Kachipangizo koteteza ku mphamvu yopitirira n'kotchipa poyerekeza ndi bokosi. Fyuzi ikapsa, ikani ya muyezo womwewo. Ikapsanso, lekani, itanani mmisiri. Kumanga fyuzi ndi waya kapena pepala la siliva n'kuitana moto.

Nyali ya No Flow

Makina amakana kupanga klorini akamva kuti madzi sakuyenda mokwanira. Yambani ndi zotchipa. Madzi a m'dziwe afike pakati pa kamwa ya weir, chibowo cha m'mbali mwa dziwe chimene pampu imakokerapo madzi. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala mphepo ndi dzuwa zimatha kutsitsa madzi ndi theka la sentimita kapena kuposa patsiku, ndipo akatsika kwambiri pampu imayamba kumeza mpweya. Tsegulani kabasiketi ka mu weir ndi ka pa pampu, muchotse masamba. Amene ali ndi mitengo ya mango pafupi akudziwa zimene maluwa ake amachita m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Yang'anani pa chivundikiro cha pampu: mukaona thovu likuvina m'kati, mpweya ukulowa penapake, kawirikawiri pa labala ya chivundikirocho. Itsukeni, muipake girisi wa silicone, mutseke bwino. Chotsani paipi ya Kreepy Krauly, kachipangizo kosesa pansi pa dziwe, kwa kanthawi muone ngati nyali izime, chifukwa mwala kapena njere ya chipatso ikatsamira m'menemo madzi amachepa.

Kenako fyuluta. Fumbi la chilimwe ndi phulusa la tchire limene likupsa zimadzaza mchenga msanga. Kawotchi ka pa fyuluta kakakwera kuposa mmene kamakhalira mutangotsuka, zimitsani pampu, tembenuzani chogwirira chifike pa Backwash, yatsani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi ayere, zimitsani, ikani pa Rinse theka la mphindi, zimitsaninso, bwezerani pa Filter. Chogwiriracho sachitembenuza pampu ikuyenda. Mchenga umene watha zaka zinayi kapena zisanu umafunika kusintha.

Zonsezi zikakhala bwino koma nyali ikuyakabe, mwina kachipangizo komva madzi kafa kapena kakutidwa ndi laimu. Pano pali chenjezo limene sitinganyengerere. Amisiri ena amalumikiza mawaya ake kuti nyali izime makina aziyenda. Musalole. Selo imatulutsanso mpweya wa hydrogen, ndipo ikayaka madzi ataima, mpweyawo umadzazana m'paipi mpaka kuphulika.

Nyali ya Low Salt

Nyali iyi yawonongetsa mchere wambiri. Makina ambiri sayeza mchere mwachindunji. Amangomva mmene magetsi akudutsira pakati pa timapuleti, ndipo akamadutsa movutikira amati mchere wachepa. Koma magetsi amavutikanso kudutsa madzi akazizira, timapuleti tikakutidwa ndi laimu, mawaya akachita dzimbiri, ndiponso selo ikakalamba. Pa zifukwa zisanuzi, chimodzi chokha ndi chimene chimafuna thumba la mchere.

Mu Juni ndi Julayi usiku kuno kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo madzi a dziwe losavundikira amatha kutsika kufika cha m'ma 15. Pamenepo makina ambiri amachepetsa ntchito okha, ena amaima, ena amayatsa Low Salt. Sanaonongeke. M'madzi ozizira ndere imakula pang'onopang'ono, ndiye klorini wochepa amakwana. Mukathira mchere mu Julayi chifukwa cha nyali, mu Okutobala madzi akafunda idzayaka ya High Salt.

M'dzinja nkhani imatembenuka. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi ake opanda mchere amayandama pamwamba, ndipo weir imakoka a pamwamba omwewo. Siyani pampu iyende tsiku lathunthu kuti asakanikirane, kenako muyeze. Ngati dziwe linasefukira kapena munatulutsako madzi, mchere wachepadi.

Muyezo wa mchere umasiyana malinga ndi makina. Ena, monga ambiri a ku America, amafuna cha m'ma 3,200 ppm. Ena amafuna 4,000, ndipo alipo ofuna 5,000 kapena kuposa. Werengani pa bokosi kapena m'buku lake, musatengere za aneba. Poyerekeza, madzi a m'nyanja yamchere ali ndi pafupifupi 35,000 ppm, ndiye madzi a dziwe lanu ayenera kungomveka kamchere pang'ono pa lilime. Lilime si choyezera. Gulani timapepala toyezera mchere kapena kamita kake, kapena tengani botolo la madzi kwa ogulitsa mankhwala a maiwe akakuyezereni.

Masamu ake ndi ofewa. Kilogilamu imodzi m'malita 1,000 imakweza 1,000 ppm. M'dziwe la malita 48,000, kuti muchoke pa 3,000 kufika pa 4,000 mufunika makilogilamu 48, thumba limodzi la makilogilamu 50. Thirani kaye magawo awiri mwa atatu, chifukwa kuonjezera n'kosavuta koma kuchotsa kulibe mankhwala. Mchere ukapitirira, njira ndi imodzi: kutaya madzi ena n'kudzaza atsopano, ndipo bilu ya madzi ya SWASCO idzakuuzani mtengo wa changu chanu. Pothira zimitsani makina a mchere, siyani pampu yokha, mwazani mcherewo kosaya, muukankhe ndi bulashi mpaka usungunuke. Musauthire mu weir. Dikirani maola 24 a pampu, osati a pa wotchi, musanayatse makina.

Mchere wake ukhale wamiyala, woyera, wopanda ayodini ndi mankhwala oletsa kuumbika. Wambiri umene timaona kuno umachokera ku Botswana ndi ku Namibia, kumene amakolola ku Sua Pan ndi ku Walvis Bay, ndipo chitsegulireni mlatho wa Kazungula mu 2021 magalimoto a ku Botswana sadikiranso pantoni. Koma si thumba lililonse loyenera dziwe. Mchere wonyambitsa ng'ombe umakhala ndi dothi ndi zitsulo zina zimene zimadetsa pansi pa dziwe. Tapani pang'ono, musungunule m'tambula. Pansi pakatsala matope, thumbalo likhale la kukhola.

Mchere ukamatsika mwezi ndi mwezi m'chilimwe, mvula kulibe, fufuzani podontha. Ikani ndowa ya madzi pa sitepe ya dziwe, lembani mzere wa madzi m'kati mwa ndowa ndi wa dziwe kunja kwake. Pakatha tsiku, dziwe likatsika kuposa ndowa, madzi akuthawira pansi, mchere nawo.

Kutsuka selo

Zimitsani magetsi onse a m'kanyumbamo, tsekani mavavu, masulani mawaya a selo, muitulutse ndi kuyang'ana pakati pa timapuleti kowala. Mukaona zoyera zokhakhala, zonga zimene zimamera m'ketulo, ameneyo ndi laimu. Makina ambiri a masiku ano amadzitsuka potembenuza mbali ya magetsi pakapita maola angapo, koma madzi akakhala ndi laimu wambiri amalephera. Amene amadzaza dziwe ndi madzi a borehole ayeze calcium wa madziwo. Woyenera ndi 200 mpaka 400 ppm. Kumbukiraninso kuti madzi akamauma ndi dzuwa laimu amatsala, ndipo nthawi iliyonse mukudzaza mukuonjezera wina. Klorini waufa uja nayenso amabweretsa calcium, ndiye chaka chimene mwamudalira kwambiri selo muziiona pafupipafupi.

Yambani ndi madzi a pa hozi, mupopere mwamphamvu. Zina zimachoka choncho. Zotsala zimafuna asidi wa dziwe wosungunula, gawo limodzi la asidi m'magawo khumi a madzi, pokhapokha buku la makina anu litanena muyezo wina. Thirani madzi kaye m'chidebe cha pulasitiki, asidi pambuyo. Mukayamba ndi asidi n'kuthira madzi pamwamba, amathovokera kumaso. Chitirani panja, mutavala magolovesi a labala ndi magalasi, ndowa ya madzi oyera ili pambali, ana ndi agalu ali kutali. Eni nyumba, zovala zimenezi kugula ndi udindo wanu. Si bwino kutuma munthu ku asidi ali chimanjamanja.

Viikani timapuleti tokha, polumikizira mawaya pasanyowe. Mudzaona thovu likuwira. Likaleka, kapena pakatha mphindi 10 mpaka 15, tulutsani, tsukuluzani ndi madzi ambiri. Musapale ndi mpeni, sikuludiraiva kapena bulashi yawaya. Mukakanda chokutira chija selo yatha, ndipo sichimeranso. Asidi nayenso amadya chokutiracho pang'ono ulendo uliwonse, choncho selo yoyera musaiviike poti mwezi watha. Kuyang'ana ndiye kuchitike miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, kutsuka pokhapokha laimu ataoneka.

Musanabwezere, onani mitu ya mawaya. Ikakhala yobiriwira, yakuda kapena yolobodoka, ipukuteni ndi kuimanga zolimba. Waya wolobodoka amatentha mpaka kusungunula pulasitiki ya selo.

Asidi ndi klorini waufa asagone malo amodzi, ndipo chikho chotungira china chisatungire chinzake. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni. Chigubu cha asidi chisakhalenso pansi pa bokosi la makina, chifukwa nthunzi yake imadya mawaya a m'kati.

Selo ikupanga, koma klorini sakukhalitsa

Wakuba woyamba ndi dzuwa. Klorini wopanda chomuteteza amatha m'maola ochepa pa dzuwa la masana. Chomuteteza ndi stabiliser, amene pa chigubu amalembedwanso cyanuric acid. Mapilitsi a klorini oyandama amabwera naye kale, koma klorini wa m'selo alibe, ndipo apa ndi pamene amagwa anthu amene angosamuka kuchoka ku mapilitsi. M'mawa klorini alipo, pofika 3 koloko masana palibe: chizindikiro chake n'chimenecho. Muyezo wake usatsike pansi pa 30 ppm, ndipo opanga makina ambiri amalangiza 50 mpaka 80 pa maiwe a mchere a kotentha. Kilogilamu imodzi imakweza dziwe lathu lija ndi pafupifupi 20 ppm. Amasungunuka mochedwa, ndiye muikeni m'sokosi yakale, muipachike pamene paipi imalavulira, ndipo musatsuke fyuluta masiku angapo. Nayenso, monga mchere, amachoka ndi madzi otayika okha, choncho muzimuyeza mvula ikatha mu Epulo komanso dzuwa lisanafike poipa mu Seputembala. Akadutsa 100 amafooketsa klorini, ndipo kuchotsa kwake ndi kutaya madzi.

Wachiwiri ndi pH. M'dziwe la mchere pH imakonda kukwera yokha. Ili pa 7.5, pafupifupi theka la klorini ndi limene lili ndi mphamvu yopha majeremusi. Ikafika pa 8.0 limatsala gawo limodzi mwa anayi, ndipo laimu amamera msanga m'selo. Yezani kawiri pa sabata. Ikakwera, sungunulani kapu imodzi ya asidi m'ndowa ya madzi, thirani kozama pampu ikuyenda, dikirani maola anayi, yezaninso. Ngati ikukwera tsiku ndi tsiku, yezani alkalinity. Ikhale pakati pa 80 ndi 120 ppm.

Wachitatu ndi zogwera m'madzi: masamba, fumbi, achule a m'dzinja, thukuta ndi mafuta odzola a alendo, ndi feteleza wa pa kapinga. Fetelezayu ndi chakudya cha ndere, ndiye pomwaza musiye mpata m'mbali mwa dziwe. Amene amalandira alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya adziwe kuti makina ogulidwira banja la anthu asanu sangasenze gulu la anthu makumi awiri Loweruka masana. Tsiku lotero dinani batani la Boost ngati lilipo, kapena thirani klorini waufa madzulo.

Selo ikakalamba

Selo ili ndi moyo wowerengeka, pafupifupi maola 10,000, omwe pa makomo ambiri ndi zaka zitatu mpaka zisanu, nthawi zina zisanu ndi ziwiri ikasamalidwa. Mungaiweruze kuti yatha zinthu izi zikakumana pamodzi: madzi ndi ofunda, mchere mwauyeza padera ndipo ndi wokwana, timapuleti ndi toyera, mawaya ndi olimba, madzi akuyenda, koma nyali ya Low Salt kapena Check Cell ikuyakabe ndipo tithovu tachepa. Timapuleti tikaoneka tosupuka kapena todyeka m'mbali, palibenso chofunsa.

Ngakhale pamenepo, pemphani mmisiri ayeze mavoti ndi maampu otuluka m'bokosi musanalipire selo, chifukwa bokosi lofooka limapereka zizindikiro zomwezo. Bokosilo musalitsegule nokha. Nyerere, abuluzi ndi mavu omanga ndi dothi amakonda kufunda kwa m'katimo ndipo amagunditsa mawaya, koma kuwachotsa ndi ntchito ya wodziwa magetsi.

Pogula, jambulani chikwangwani cha pa bokosi ndi cha pa selo yakale, chifukwa selo ya Zodiac singalowe pa bokosi la Hayward, ndipo ngakhale za kampani imodzi zimasiyana kukula. Zambiri zimaitanitsidwa ku Lusaka kapena ku South Africa, ndiye mtengo umayenda ndi mphamvu ya kwacha ndipo kudikira kumakhalapo. Sungani risiti ndi pepala la chitsimikizo. Ngati mukusintha makina onse, tengani okulirapo kuposa dziwe lanu. M'dziko limene magetsi amagawidwa, makina opanga magilamu ambiri pa ola amaphula ntchito m'maola ochepa amene mwapatsidwa, ndipo masiku abwino mukawayendetsa pa theka la mphamvu selo imakhalitsa.

Kakope kotchipa kopachika pa msomali m'kanyumba ka pampu kamathandiza kuposa mmene mungaganizire. Lembanimo tsiku, klorini, pH, maola amene pampu yayenda, ndi chilichonse chimene mwathira. Mmisiri akabwera sayamba kulota, ndipo pakati pa abwana ndi wantchito mkangano wa amene anaiwala chiyani umatha.

Ngati labiriwira kale

Selo siingabweze dziwe lobiriwira, ngakhale muiyendetse usana ndi usiku. Mungoikalambitsa. Vuulani masamba, tsitsani pH ifike pa 7.2, ndipo madzulo thirani klorini waufa wokweza 10 ppm, amene pa malita 48,000 ndi magilamu pafupifupi 750. Kwechani makoma, masitepe ndi m'makona. Pampu iyende maola onse amene magetsi alipo, fyuluta muziitsuka kawotchi kakakwera. Mawa lake madzulo yezani, muonjezere kuti afikenso pa 10, ndipo muzitero mpaka madzi ayere ndipo klorini asamatsike usiku kuposa 1 ppm. Stabiliser akakhala wochuluka mufunika klorini woposa apa. Munthu asalowemo mpaka klorini atsike pansi pa 5 ppm ndipo pansi pa dziwe pakuoneka bwinobwino mbali yozama, chifukwa m'madzi a mbuu mwana akamira simungamuone.

Ngati mwaganiza zolisiya kaye mpaka selo ifike, musalisiye chabe. Madzi oima opanda klorini amaswa udzudzu, ndipo udzudzuwo suona mpanda wa aneba. Pitirizani kuthira klorini waufa ndi kukwecha, kapena livundikireni zolimba, chipata chake chili chokhoma.

Madzi otsukira fyuluta ali ndi mchere. Musawalozetse kudimba la repu ndi tomato, kapena patsinde pa mandimu ndi mapeyala, chifukwa mcherewo umaunjikana m'nthaka mpaka masamba kupsa m'mbali. Akumbireni dzenje lawolawo la miyala, kutali ndi borehole ndi maziko a nyumba.